Buku Lopanda Chikuto

Ntchito yanga inali yong'amba mabuku. Ndikanena choncho anthu amaseka, amayesa nthabwala, koma ndi imene inandidyetsa zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi. Fakitale yathu imapanga mathireyi oikamo mazira, ndipo mathireyi aja si kanthu kena koma mapepala akale onyikidwa m'madzi mpaka asanduke phala. Nyuzipepala ndi makatoni amangoziponya m'thanki momwe zabwerera. Ovuta ndi mabuku. Chikuto sichisungunuka msanga, ndipo guluu wa kumsana akalowa m'phala, thireyi imatuluka ndi mabowo. Ndiye kuseri kwa fakitale, pafupi ndi khomo lolowera malole, kuli benchi yaitali ya anthu anayi. Umatenga buku, kulitsegula pakati, kulikanikiza ndi chikhatho mpaka msana ulire kuti phwa, kusolola chikuto, kudula guluu ndi mpeni, mapepala n'kuponya m'dengu. Madzulo dengu lako amaliika pasikelo.

Pantchito imeneyi suwerenga. Ukangoyamba kusuzumira mutu wa buku, manja amaima, dengu silidzaza. Mnzanga wokhala kumanja kwanga, amene tonse tinkamutcha Wailesi chifukwa pakamwa pake sipazima, ankati ophunzira kwambiri m'tauni yonse ndife: ndi pulofesa uti amene wagwirapo mabuku ochuluka ngati ife?

Lamulo linalipo limodzi. Buku ukalifuna unkaloledwa kupita nalo kwanu, koma lopanda chikuto ndi tsamba loyamba, kuopa kuti tingamakagulitse kumsika. Mlonda wa pageti ankapisa m'zikwama zathu tsiku ndi tsiku. Anzanga ankatenga oyatsira moto. Ine ndinkatengera mwana wanga.

Mwana ndili naye mmodzi, wamkazi. Bambo ake anatisiya iye ali ndi zaka zisanu ndi chimodzi, ndipo kuyambira pamenepo takhala awiriwiri m'zipinda ziwiri zomwezi. Mutu mwanayo anali nawo, osati masewera. Anakulira pa mabuku osenda aja, n'kukhoza mayeso onse mpaka kukafika ku yunivesite, kumene anaphunzira za kayendetsedwe ka bizinesi. Tsiku lomwe anavala mkanjo ndinalira mpaka Wailesi anachita kundibwereka mpango wake. Ndinkati basi, zanga zatheka: mwana apeze ntchito ya mu ofesi, ine ndione ndi maso angawa.

Zaka zinayi zinatha ali pakhomo. Oyandikana nafe, anthu osasowa chonena, anamupatsa dzina loti a Digiri. "A Digiri adzuka bwanji? Ofesi yatsegula lero?" Iye ankangomwetulira n'kupitiriza kusesa. Lolemba lililonse ankatuluka ndi maenvelopu a khaki pansi pa mkono. Siketi yake yakuda ya kuintaviyu tinaisita mpaka inayamba kunyezimira m'mapindiro. Ine ndinkamuuza zomwe kholo lililonse limauza mwana, kuti limbikira, osatopa, kuona maso a nkhono n'kudekha. Sindinkanama ayi. Ndinkazikhulupirira ndi mtima wanga wonse.

Ulendo womaliza anakapeza anthu oposa mazana atatu akulimbirana malo amodzi. Anawaimika padzuwa kuyambira m'mawa, kenako kunatuluka munthu n'kumata kapepala pakhomo koti malowo atengedwa kale. Anabwera masana, anavula nsapato, n'kugona choyang'ana kukhoma ndi siketi yomwe. Masiku atatu chakudya ankangochigwiragwira. Ndinachita mantha, ndinene zoona. Mwana amene wasiya ngakhale kulira amaopsa.

Sabata yomweyo lole inabweretsa mabuku ochokera ku koleji ina yomwe inatseka. Ndikung'amba monga mwa masiku onse, buku lina linatseguka m'manja mwanga, ndipo maso anga anakodwa ndi mizere yofiira. Munthu wina anali atadula mizere pafupifupi tsamba lililonse, ndipo m'mphepete analembamo ndi cholembera chomwecho kuti "Zoonadi!", pena "Ee, ndi momwemo." Ndinaona mawu oti ntchito ndi oti kupambana akubwerezabwereza. Ndinati mumtima, buku limene munthu wophunzira walikonda chonchi liyenera kukhala la nzeru zopezera ntchito. Pomwe ndinkaganiza zimenezi, manja angawa, opusawa, anali atasolola kale chikuto ndi tsamba loyamba n'kuziponya pamulu wa zinzake. Mutu wake sindinauone. Dzina la wolemba sindilidziwa mpaka lero.

Ndinakamuikira mwana wanga pafupi ndi pilo.

"Mwanawe, tawerenga ili. Likuoneka kuti ndi la anthu ofuna kutukuka."

Sanatembenuke n'komwe. Koma pobwera kuntchito mawa lake ndinamupeza atakhala tsonga pabedi, bukulo lili pamawondo, kapu ya tiyi ili pambali yopanda kanthu. Tsiku lotsatira anasamba, anaphika, n'kudya mpaka kuonjezera. Pofika Loweruka anali akuimba pochapa. Munthu wina atamufunsa za ofesi yotsegula ija, anamuyankha moseka kuti bwana wapereka holide. Ine chimwemwe chinandisefukira. Ndinakauza Wailesi kuti ndapeza mankhwala m'zinyalala, iyenso n'kufalitsa fakitale yonse.

Lolemba linafika, maenvelopu sanatuluke. Ndinati mwina akupuma. Lolemba lachiwiri chimodzimodzi. Lolemba lachitatu ndinapeza siketi yakuda ija atavalira kukolopa m'nyumba.

"Iwe, siketi imeneyo wapenga nayo?"

"Ndi nsalu ngati ina iliyonse, amayi."

"Makalata bwanji? Mnzanga wandiuza kuti kwinakwake akufuna kalaliki."

"Ndasiya kulemba."

Ananena mofatsa, ngati akundiuza kuti mchere watha. Ndinakhala pansi chikwama chili paphewa. Anafinya chokolopera, anapukuta m'manja, n'kukatenga buku lija.

"Mumadziwa zomwe munandibweretsera?"

Anandifotokozera kuti wolembayo anali mphunzitsi. Atapuma ntchito, anayenda kufunafuna ana makumi anayi omwe anawaphunzitsa m'kalasi imodzi zaka makumi atatu zapitazo, kuti aone kumene moyo unawafikitsa. Anapeza kuti amene ankakhoza bwino ndi kugona mochedwa chifukwa cha mabuku ambiri mwa iwo ali pomwe panali makolo awo. Amene anapita patali ndi omwe kwawo kunali kale galimoto, kapena amalume odziwa khomo loti agogode. Kenako anatsegula tsamba lina lodulidwa mizere iwiri n'kuwerenga: "Timauza ana kuti khama limatsegula makomo onse, chifukwa tikaleka kunena zimenezi tiyenera kufotokoza amene anatseka makomowo. Ndiye mwana akapeza khomo lotseka, amadziimba yekha mlandu."

Ndinaimirira mwaukali.

"Walemba zopusazi ndani? Ali ndi ana iyeyo? Anadzukapo mbandakucha kupita kuntchito ali ndi malungo?"

"Sindikumudziwa, amayi. Chikuto munachotsa ndinu."

"Usandiyankhe choncho! Ndiye akuti tizitani, tikhale pansi tizidya mphepo?"

"Sakunena zimenezo."

"Nanga akunena chiyani?"

"Werengani nokha."

Sukulu ine ndinalekeza panjira, ndipo kuwerenga kwanga ndi kwa chala pansi pa mzere. Komabe Lamlungu masana ndinavala magalasi, ndinatulutsa mpando kuseri kwa nyumba, n'kuyamba kulimbana nalo. Sindinkawerenga kuti ndiphunzire. Ndinkafuna kumugwira bodza munthuyo, ndikamuonetse mwana wanga. Ndinathamangira kumapeto, poganiza kuti kumeneko ndiye anena chochita. Ndinapezako zoti munthu aziweruka nthawi ikakwana, azikhala ndi abale ake, asapereke msana wake wonse kwa bwana amene sadziwa n'dzina lake lomwe. Ndinaseka ndekha. Zonena za munthu wokhuta zimenezo, wa penshoni yake m'thumba.

Koma pobwerera m'mbuyo ndinagwera tsamba lina lomwe wa cholembera chofiira uja sanalikhudze n'komwe. Linkanena za makolo. Akuti kholo losauka limatenga zaka zake zonse zomwe zinapita pachabe n'kumusenzetsa mwana pamutu, ndipo likamufunsa madzulo kuti zayenda bwanji, mwanayo samva funso, amamva kulemera kwa katunduyo. Ndinawerenga kawiri. Ndinakumbuka mmene ndinkaimira pakhomo Lolemba lililonse, maso ali pa nkhope yake asanavule n'nsapato zomwe. Ndinatseka bukulo. Munthu akakunamizira umakwiya pang'ono. Amene amakupsetsa mtima zenizeni ndi mlendo wokuuza zoona za m'nyumba mwako.

Lolemba ndinalibisa m'chikwama, ndipo nditafika kuntchito sindinaliponye n'm'dengu momwe. Ndinakwera masitepe a thanki n'kuliponyamo ndekha. Linayandama pang'ono, inki yofiira ija n'kuyamba kusungunuka, kenako chitsulo chotakasa chinalikokera pansi.

Madzulo ndinamuuza monyadira kuti buku lake likasanduka choikamo mazira.

"Mwachedwa, amayi," anatero. "Ndaliwerenga katatu."

Sanakwiye n'komwe, ndipo zimenezo ndi zomwe zinandipweteka. Akanalalata ndikanadziwa pomugwira. Masiku otsatira ankachita zonse za pakhomo, ankandithira madzi osamba, ankandisisita zala zikatupa, koma za ntchito pakamwa pake panalibe. Ine ndinkangoona mwana wanga akumira, akumwetulira. Ndinalumbira kuti munthu wopanda dzina uja sandilanda mwana ine ndili moyo.

Mbewa ya manyazi inafera kuuna. Ndinatenga kope ya satifiketi yake n'kukagogoda kwa a kapitawo, amene amayang'anira ife a kuseri. Kaofesi kawo ndi kachipinda kopanda zenera, kokhala ndi tebulo, mipando iwiri ndi fani yomwe inasiya kuzungulira kalekale. Si munthu woipa. Anapukuta manja pa thalauza asanagwire pepalalo, n'kuliwerenga lonse mpaka pa sitampa.

"Mwana mwaphunzitsa, mayi. Koma mu ofesi mulibe malo. Ngakhale mwana wa mlongo wanga akudikira."

"Pena paliponse, a kapitawo. Bola azidzuka m'mawa ali ndi kopita."

"Benchi ndi ya anthu anayi. Mukudziwa."

Maso ake anagwera pa zala zanga. Zala zanga zinapindika, ndipo m'nyengo yozizira zimakana kugwira mpeni. Ndinazibisa pansi pa tebulo, koma anali ataziona kale.

"Ndisakubisireni. Madengu anu chaka chino apepuka, ndipo bwana wafunsa kawiri. Ine ndakhala ndikukuikirani kumbuyo. Mutati mupume inu, mwanayo ndingamuike pamalo panu popanda wondifunsa. Akakhala mkati, ndi pepala ngati ili, mwina mu ofesi mukadzatseguka malo adzamuona msanga kusiyana ndi wakunja."

Mwina. Ndinagwira kamawu kameneko ndi manja awiri. Munthu wanzeru akanapempha tsiku loti akaganize, kapena kukafunsa mwana mwini wakeyo. Ine ndinali pa mkangano, ndipo ndinkafuna kupambana. Anatulutsa fomu m'dirowa, anandionetsa posaina, ndipo ndinasaina. Wailesi atamva, kwa nthawi yoyamba chimudziwireni anakhala duu. Patapita kanthawi anangoti, "Mnzanga, wamufunsa mwanayo?"

Mwana wanga ndinamupeza akuanula zovala pachingwe, akuimba kanyimbo kake.

"Ntchito yapezeka," ndinatero. "Uyamba pa 1."

Anatembenuka, bulangete lili m'manja. "Kuti?"

"Kwathu. Poyamba ukhala pabenchi, koma a kapitawo akuti mu ofesi mukatseguka..."

"Pabenchi pali malo?"

"Alipo."

"A ndani?"

Anandiyang'ana, anayang'ana zala zanga, n'kuika bulangetelo m'beseni pang'onopang'ono.

"Mwasaina kale?"

"Ndasaina."

Anakhala pansi pa sitepe. Ndinkayembekezera kuti akane, ndipo mayankho ndinali nditawakonza kale: kuti ntchito ndi ntchito, kuti wamkulu aliyense anayamba pansi, kuti pang'onopang'ono ndi mtolo. Sanandipatse mpata wowagwiritsa ntchito.

"Amayi, mumayesa kuti buku lija linandiuza kuti ndisagwire ntchito?"

"Nanga si ndiye unasiya kulemba makalata?"

"Ndinkapuma. Ndikanayambiranso, kaya ndi makalata, kaya ndi china, sindinadziwe. Zaka zinayi ndinkadzuka ndikudzifunsa kuti ndalakwitsa pati. Kodi ndi kalembedwe kanga, kodi ndi nkhope yanga, kodi ndi mmene ndimayankhira. Ndikabwera ndinkaopa kukuyang'anani. Bukulo linangondiuza chinthu chimodzi, kuti wolakwa si ine. Ndi koyamba kugona tulo chitulukireni ku yunivesite. Ndinkangofuna ndikhale kaye choncho pang'ono."

"Bwanji sunandiuze?"

"Ndinakuuzani kuti werengani nokha."

Ndinaganiza zothamangira kwa a kapitawo mawa lake kukapempha fomu ija, koma ndinkadziwa kuti yafika kale kwa bwana, ndiponso kuti bwanayo wapeza chomwe ankafuna. Nyumba yathu inkadya pa malo amodzi aja. Mmodzi wa ife anayenera kukakhalapo, ndipo ine anali atandichotsa ndi dzanja langa lomwe. Mwana wanga ankazidziwa zonsezi bwino kuposa ine. Anaimirira, anatola beseni, n'kufunsa kuti epuloni amapereka kapena munthu amabwera ndi yake.

Pa 1 anapita. Ndinaima pakhomo kumuyang'ana mpaka anakhota pa golosale. Woyandikana nafe wina anafuula kuti, "A Digiri ofesi yatsegula!" ndipo iye anangokweza dzanja osatembenuka. Walira mvula walira matope. Ndinalowa m'nyumba, ndinasesa mosesedwa kale, ndipo pofika pakati pa m'mawa ndinalibe chochita china.

Sanadandaulepo. Ankabwera ndi timabala m'zala, ankasamba, ankadya, n'kugona. Ndikamufunsa ankati zili bwino. Kuimba kuja kunatha. Ine ndinkadzitonthoza ndi mwina uja. Tsiku lililonse ndinkapempherera kuti kalaliki wina wa mu ofesi apeze ntchito yabwino kwina, akwatiwe kutali, chilichonse, bola mpando utsale.

Patatha miyezi isanu, Wailesi anandipeza kumsika n'kundinong'oneza kuti kalaliki wa zolandira katundu wachoka. Ndinadikira kuti mwana wanga anene yekha, koma sabata inatha osatchula. Ndiye tsiku lina ndinaphika mpunga, ndinauika m'kontena, n'kupita kufakitale ngati ndikungomupititsira chakudya. Mlonda anandilola kulowa. Ndinalunjika kwa a kapitawo.

Anandilandira ndi manja awiri, n'kundikokera mpando.

"Mayi, mwana munabereka! Sindinaonepo. Dengu lake limalemera kuposa a awiri kuphatikiza. Salankhula, sapita kuchimbudzi kawirikawiri, mutu pansi mpaka belu. Bwana amachita kubwera kudzamuonerera."

"Zikomo. Ndamva kuti mu ofesi mwatseguka malo."

"Ee, zoona. Dzina lake linatchulidwa, ndisaname. Bwana mwini anafunsa kuti si uyu ali ndi digiri? Ine ndinati bwana, kalaliki mumupeza mawa lomwe, pageti pamabwera makalata tsiku lililonse. Koma manja ngati awa muwapeza kuti? Mukamuchotsa pabenchi, thanki iziyembekezera mapepala. Ndiye atenga wina wakunja, ayamba Lolemba."

Ankalankhula akumwetulira, ngati akundipatsa mphatso. Ndinagwira kontena ija mwamphamvu mpaka inanditentha m'manja.

"Ndi magazi amenewa, mayi," anapitiriza. "Watengera inu. Mukudziwa kuti inunso, zaka zija munali ndi mphamvu, bwana wakale anafuna kawiri konse kukukwezani kuti muziyang'anira sikelo? Ndinakana ndine. Ndinati mayi awa ndi msana wa benchi, musawagwedeze. Anthu akhama ngati inu sitimawataya."

Zimenezi ndinali ndisanazimvepo. Ndinamuyang'ana bamboyo kufuna kuona ngati akundinyoza, koma nkhope yake inali yoyera, yonyadira. Ankadikira kuti ndiyankhe. Ndinatsegula pakamwa, ndipo zomwe zinatuluka ndi zomwe zakhala zikutuluka moyo wanga wonse.

"Zikomo kwambiri, a kapitawo."

Belu la nkhomaliro linalira. Ndinatuluka n'kukaima pakhomo la malole. Mwana wanga anabwera akupukuta manja pa epuloni, fumbi la mapepala lili m'tsitsi ndi m'nsidze. Ataona nkhope yanga anayang'ana chitseko cha a kapitawo, kenako ine.

"Akuuzani?"

"Unkadziwa?"

"Anandiuza Lachisanu. Akuti ndizinyadira."

"Ndiye uzichepetsa liwiro, mwanawe. Uzing'amba pang'onopang'ono, dengu lipepuke, mwina..."

"Likapepuka andichotsa, amayi. Tidzadya chiyani?"

Anatenga kontena ija m'manja mwanga, anakhala pa katoni ya mabuku omwe anali asanang'ambidwe, n'kuyamba kudya mofulumira, chifukwa nthawi yopuma ndi mphindi makumi awiri zokha.